Mphindi za a Greenwell

Lachisanu lidakwana, koma pa dzina la a Greenwell padalibe nambala. Chiyamiko, dokotala wa mafizo mmodzi yekhayo panyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, ankayenera kuyerekeza mphindi zimene nkhalamba iliyonse idzawongoledwe mwezi wamawa. Khonsolo inkalipira mphindi zomwezo. Wokana mafizo ankachotsedwa pamndandanda, basi.

Ndiye a Greenwell, abale inu! Sitiroko idawapha mkono ndi mwendo wamanzere, koma mwendowo ukadadzuka ndithu ukadamapindidwa tsiku ndi tsiku kuyambira m'ntchafu. Anesi achizungu ankawasambitsa, iwo ali phee. Mtsikana wa ku Poland ankawadyetsa, mpaka kuseka naye. Koma Chiyamiko akangosuzumira pakhomo, mdalayo ankakoka bulangete n'kutembenukira kukhoma.

"Mmalawi mnzako yemwe kukuda chonchi?" adafunsa Louisa m'Chingerezi. Louisa ndiye adali manijala, mayi wa malamulo, uja adachotsa ntchito nesi chifukwa chosamalira azakhali ake omwe, poti panyumbapo lamulo linkaletsa kusamalira wachibale. "Madala othawa ndale aja sakhulupirira munthu wakwawo. Akakananso lero, ulembe ziro."

"Nanga kuchipatala?"

"Mzere wake mpaka chaka chamawa."

Chaka chamawa! Mwendo udzakhala utauma gwa ngati chikuni. Chiyamiko mtima unkamuwawa zedi, ndipo chochita adalibe.

Adalowa m'chipinda cha a Greenwell n'kutseka chitseko. Adagwada chapatali ndi bedi, maso pansi. Bulangete lidali litakokedwa kale.

"Chonde, ndingoupinda pang'ono pokha," adatero. "Mukakana lero khonsolo isiya kulipira. Simudzayendanso."

Panja basi ya ku Lewisham idadutsa. Chiyamiko adasendeza bondo limodzi, natambasula dzanja. Mdalayo adadzikankhira kukhoma ndi mkono wamoyo uja. Ankalira.

"Ndikufuna kuyenda, mayi, Mulungu akudziwa," adatero osacheuka. "Koma inu munaona kuti, mkazi wa mwana wako kukugwira ntchafu? Ndinu apongozi anga. Kamuuzeni mwana wanga Weston agule njinga ya olumala."

Chiyamiko adadzuka, nakalemba ziro.