Njinga ya a Che Twaibu Yagulidwa pa Foni

"Agogo, nthawi yatha. Apambana bambo ena a ku Utale," anatero Asiyatu, mdzukulu wanga, akundionetsa foni. Sabata yonse anthu osawadziwa ankapikisana mitengo pa intaneti, kulimbirana njinga ya malemu amuna anga, a Che Twaibu. Ndinali nditavomera ndekha kuti igulitsidwe, koma ndinamufunsabe.

"Munthu wosamuona nkhope ungamupatse njinga ya agogo ako? Nanga akakagwa nayo?"

"Auzeni nokha, mayi Chenjezo," anandiseka poti ndimakonda kuchenjeza anthu, n'kundiyandikizira foni pakamwa.

"Salamu aleikumu, bambo. Buleki yakumbuyo imachedwa kugwira. Matumba a chimanga asapitirire awiri. Pa Ulongwe muzitsika, malole a pamenepo saona munthu. Ndipo isamagone panja, iyayi. Eni ake ankaigoneka kuchipinda, ine n'kumadandaula."

Asiyatu anasiya kuseka, n'kutumiza mawu angawo kwa bambowo.

Posakhalitsa foni inalira, munamveka mawu a munthu wachikulire. "Waleikumu salamu, amayi. Ndamva zonse. Kwathu chipinda n'chimodzi, koma akazi anga avomera. Nanga oyilo ankaithira tsiku lanji?"

Ndinalanda foni ija.

"Lachisanu," ndinayankha, "asanapite kumzikiti."