Mkamwini amene anatsegulira apongozi damu

Panali munthu wina, bambo wapabanja, amene ankatsegula ndi kutseka zitseko za madzi pa damu lalikulu. Kumunsi kwa damulo, pomwe mtsinje umayenda pa nsangalabwi, kunkakhala nsomba ina yamizeremizere. M'mitsinje ina yonse inali itatha, inangotsala pamenepo basi.

Mayi wina woyang'anira za nsomba ankabwera ku ofesi kwake pafupipafupi. Ankamuuza kuti nsombazo zikaswa asamatsegule madzi mwadzidzidzi, ndipo akatsegula azitseka pang'onopang'ono, chifukwa tiana timatsata madzi mpaka m'mbali, ndiye akaphwa msanga timatsala pamtunda. Bamboyo ankangoti wamva, maso ali pa foni. Mayiyo akatuluka, ankauza anzake kuti sukulu ikachuluka munthu amayamba kulera nsomba ngati ana.

Tsono apongozi ake aamuna sankamuwerengera. Pa ukwati kaya pa maliro ankamusonyeza kwa anthu kuti ndi mkamwini wawo uja amalondera mpopi. Anthu ankaseka, iye nkuseka nawo, koma mumtima mukuwawa.

Tsiku lina madalawo anabwera kudzacheza. Anati paunyamata wawo nsomba zamizere zija zinaliko kwawo, ndipo akufuna kuzionanso maso asanachite mdima. Mkazi wa bambo uja anamunong'oneza mwamuna wakeyo kuti angowatengera bambo kumiyala akaone nsomba, zina asayambe. Koma iye anayamba wawalowetsa m'chipinda cha mabatani, nawakhazika pa mpando wake wozungulira, moyang'ana pawindo.

"Bambo, tauonani mpopi uja."

Analiza belu lochenjeza, nkutsegula zitseko zonse. Madzi analilima, mawindo nkumanjenjemera, mtsinje unasefukira mpaka m'maudzu. Madala anavula chipewa.

"Akamwini, kani ndinu munthu wamkulu chonchi?"

Mtima wake unakhala m'malo. Koma atakumbukira kuti mabwana aona kuti madzi atsika m'damu, anatseka zitseko zonse kamodzi. Anamwa kaye tiyi, madala akufunsa ntchito ya batani lililonse, kenako anatsetserekera kumtsinje.

Anapeza akakowa atayera mbee m'mbali monse. Pamiyala, m'maudzu, m'tizithaphwi, tiana ta nsomba tili mbwee, tina tikuphiriphitha, tambiri titauma kale ndi dzuwa. Mayi wa nsomba uja anali atafika, atagwada ndi ndowa, akutola tamoyo. Sanamuyang'ane nkomwe.

Madala anagwada nawo ndi suti yawo yomweyo, nkumatolera m'chipewa. Anaika kamodzi pachikhatho, nakayang'anitsitsa mizere yake nthawi yaitali. Anati ndi zomwezi ndithu, sizinasinthe. Kenako anafunsa mayiyo kuti zambirizo zili potipoti, apite akazione zikusambira.

"Za chaka chino ndi izi mwagwirazi, bambo. Zazikulu zatsala zowerengeka, ndipo zakalamba."

Madala anatembenuka pang'onopang'ono.

"Akamwini, munkadziwa kuti tiana tili pano?"

Bambo uja akanatha kunama, koma amene ankamuuza anali pomwepo ndi ndowa. Anangowerama. Madala anathira tinsomba ta m'chipewa mumtsinje, napukuta manja m'thalauza, nkupempha mwana wawo, mkazi wa mkamwiniyo, kuti awaperekeze kokwerera basi. Chakudya chimene anawaphikira sanachilawe.

Phunziro: Ulemu wofuna kuutenga ndi chionetsero umatha tsiku lomwelo, koma chimene mwaononga sichibwerera. Wodziwa akakuuzani kuti pang'onopang'ono, mverani, ngakhale nkhani yake ikhale ya kansomba. Ine mumandidziwa, sindine wotumiza zilizonse m'magulu, ndimasankha. Ana anga ndinawalera ndi nkhani zotere ndipo palibe amene anandichititsapo manyazi. Tumizirani ena, makamaka awo amene anapatsidwa makiyi ndi mabatani kuntchito.