Celeste Amene Makina Anapeka

Panali munthu wina ku Mualadzi, mnyamata dzina lake Osvaldo. Analowa maphunziro a pa intaneti a nzeru za makina, zija amati IA, oti munthu amaphunzira yekha pa telefoni nthawi imene wafuna. Mnzake Dércia analowa nawo ndipo ankapita pang'onopang'ono. Osvaldo ankangofuna pepala lotsimikiza kuti wamaliza. Magawo ambiri ankawalumpha, mafunso a mayeso n'kumawapatsa makina omwewo kuti amuyankhire.

Dércia anamuchenjeza kuti gawo lina limene walumpha likunena kuti makinawa akasowa yankho amatha kupeka, n'kulankhula ngati akudziwa. Osvaldo anangoseka.

Amayi ake, a Paulina, anali ndi chisoni chakalekale. Pothawa nkhondo kupita ku Zambia, mwana wawo woyamba, Celeste, anasowa m'chipwirikiti ali wamng'ono. Anamufunafuna m'misasa osamupeza. Mtendere utabwera anabwerera kwawo, anachititsa Misa, analira, kenako anagwira khasu. Osvaldo anabadwa pambuyo pake.

Tsiku lina a Paulina akutong'ola chimanga, anamva Osvaldo akudzitama kwa anzake kuti makina ake amadziwa chilichonse. Anamuitana n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Ndiye uwafunse za mlongo wako."

Osvaldo anafunsa. Makina anati sangadziwe. Iye anachita manyazi pamaso pa amayi ake, n'kuyamba kuumiriza, kutembenuza funso uku ndi uku, mpaka makina anamupatsa nkhani: Celeste analeredwa ndi banja lina kufupi ndi Katete ku Zambia, ndipo amasoka zovala pamsika. Osvaldo anawawerengera amayi ake ngati uthenga wochokera kwa munthu.

Dércia atamva anathamangira kwa Osvaldo kukamupempha kuti awauze amayi ake zoona asananyamuke kukamufuna Celeste. Koma a Paulina anali atauza kale anansi ndi amayi anzawo a kutchalitchi, akuimba pabwalo. Osvaldo anasowa poyambira. Mumtima ankati mwina n'zoonadi.

Osvaldo ndi amayi ake anakwera njinga yamoto mpaka pamalire a Cassacatiza, n'kuwolokera ku Zambia. A Paulina ananyamula nsalu ya kapulana yatsopano ndi mtedza wa m'munda mwawo. Ku Katete anayenda kwa osoka onse. Mayi aliyense wa msinkhu wa Celeste ankamuyang'anitsitsa kumaso. Anafunsa kumatchalitchi ndi m'midzi yoyandikana, mapazi mpaka kutupa. Dzinalo panalibe amene analidziwa.

Atatopa anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kufunsa mwana wawo kuti, "Kodi amene anauza makinawa, Celeste anamuona kuti?"

"Palibe anamuona, amayi. Makina anangopeka, chifukwa ine ndinawakakamiza."

A Paulina sanamukalipire. Anapinda kapulanayo bwinobwino n'kuiika pamiyendo.

"Mwanayu ndinamulira kale ndikadali ndi mphamvu," anatero. "Lero wandiferanso ndili wokalamba. Ndimulira ndi chiyani?"

Anabwerera ku Mualadzi. Anansi anatuluka kudzalandira mlendo, n'kuona anthu awiri okha akutsika panjinga. Mvula itagwa chaka chimenecho, a Paulina sanapite kumunda.

Phunziro: Ukalowa maphunziro, usalumphe magawo pothamangira pepala, ndipo mnzako akakuchenjeza, mvera. Makina amatha kupeka bodza molimba mtima, koma wolira pambuyo pake ndi munthu. Usauze munthu wachisoni zimene sunatsimikize. Tumizani nkhaniyi kwa achinyamata onse amene akuphunzira za makinawa, ndi kwa makolo awo.