Matumba a Mchenga a Che Wadi

"Ababa, madziwa mukawatsekera kuno, apita kuti?" Naima anafunsa choncho sabata yatha, ndipo bambo akewo, a Wadi, anangoseka.

M'mawa uno kuseka kunalibe. Nyanja inali itakweranso. Matumba a mchenga amene anaunjika kuzungulira nyumba yawo ya alendo anagwiradi ntchito, khonde linali louma gwa. Koma madzi onse anakhotera kwa a Enid, oyandikana nawo, ndipo anali atayamba kale kunyambita miyendo ya nkhokwe.

A Wadi ankangoyenda uku ndi uku, thumba lina lili paphewa, osadziwa poliika.

A Enid anatulukira atakwinya chitenje mpaka m'mawondo, mpeni uli m'manja. Anayang'ana matumbawo, kenako mwini wake.

"Che Wadi, alendo anu agona bwino?"

"Agona, mayi."

"Chimanga changa sichinagone."

A Wadi anatula thumba lija, napisa dzanja m'malaya kutulutsa kiyi.

"Chipinda chakumtunda chija n'chouma. Titutiremo chimangacho pompano. Mpaka nyanja itabwerera sindiikamo mlendo, ndikulumbira, walahi."

A Enid analandira kiyiyo, koma mpeni sanausiye.

"Mukasunga mawu amenewo, achimwene, inenso matumba anuwa sindiboola."