Pikapu Imene Napolo Analavula

Nkhuku ziwiri zinalumpha m'pikapumo Cornelius atatsegula boneti. Anasuzumira injini, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, tiyeni tizipita. Iyi si galimoto, ndi khola."

Sellina sanatsutse. Anabwera ku Nazombe kuno atamva kuti mayi wina, amene wangobwerera kwawo kuchokera ku maesiteti a fodya ku Kasungu, akugulitsa Landirova yakale. Geni yake ya nandolo inali itakula, ndipo misewu ya kwa Chiwalo mvula ikangodontha imafuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Ankati mlongo wakeyu, poti ndi makaniko, aidzutsa. Koma zimene anapezazo! Matayala anali ataphwa, udzu utamera m'mbali mwake, bodi yonse dzimbiri lokhalokha. Pagalasi panali kachithunzi ka nyali ka nthawi ya riferendamu, nako katasuluka.

Sellina anatsegula chitseko poti wabwera kale basi. Dzanja lake linagwera pa chogwirira giya. Chogwiriracho sichinali cha kufakitale. Chinali cha mtengo wa mkungudza, chosemedwa ngati chibakera, chokhala ndi kamng'alu kumanzere. Anawerama n'kuchinunkhiza. Kafungo kaja kanali kakadalipo.

Anachisema ndi Saulos, mwamuna wake, atakhala pakhonde la nyumba yawo ku Fort Lister. Nyumbayo anaimanga pachitunda, uku akudzitama kuti apa Napolo adzangopaonera patali. Ndipo sananame. M'mawa uja wa mu 1991, phiri la Michesi litang'ambika, madzi ndi miyala zinasesa midzi ya kumunsi, nyumba yawo osaikhudza n'komwe. Koma Saulos anali atalawirira ndi pikapu, akuti akukatenga chimanga kumunsi komweko. Sanabwerenso. Anthu anafukula matope, anatsata mtsinje mpaka kudambo, osapeza munthu ngakhale galimoto. Pomaliza akuluakulu anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda, monga amachitira mtembo ukasowa. Sellina analira thunthulo mpaka mawu kutha. Anameta. Amuna amene anabwera pambuyo pake kudzamufunsira anabwerera ndi zipewa m'manja. Chaka ndi chaka ankakalambula pamandapo yekha, osalola wina kugwira khasu.

Ndiye lero pikapu ija ndi iyi, nkhuku zikuikiramo mazira.

Mtima unamuwawa, kenako unapsa. Nkhani yake inali yoonekeratu. Wina anaipeza pamene madzi anaitaya, anaifukula mwakachetechete, n'kuthawira nayo ku Kasungu. Anaiyendetsa, mpaka kuimata zithunzi za ndale. Ndipo wofukula galimoto sangalephere kuona amene anali pachiwongolero. Anthu amenewa ankadziwa pamene panagona mafupa a Saulos, koma anasankha chitsulo, iye n'kumusiya akulambulira nthochi. Afisi enieni, odyera pamaliro.

"Achemwali, mwatani?" anafunsa Cornelius. "Kuidzutsa imeneyi kudya nandolo yense wa chaka chino, mwinanso wa chaka chamawa."

"Ndigula."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ndigula, achimwene. Muikonze, iwale ngati tsiku limene inachoka pakhomo panga."

Cornelius anasuzumira m'kati. Ataona chogwirira chija anavula kapusi yake.

Sellina anali atatsimikiza. Nandolo apite, geni igwe, palibe kanthu. Manda enieni a mwamuna wake anali awa, ndipo sakanawasiya m'manja mwa akuba. Koma asananyamuke, mayi ameneyu anayenera kuulula pamene anataya mafupawo, ngakhale zitengere kupolisi.

Mwini galimoto anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula mkeka. Anali Belita, mayi woonda, wovala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Anayala mkekawo, anagwada, n'kupereka moni mwaulemu wonse. Sellina anayankha ndi mano okha. Mumtima ankati ulemu wa wakuba umaposa wa m'busa.

"Mayi, galimotoyi tiitenga," anatero, mawu ali pansipansi. "Koma tandiuzani, munaipeza bwanji?"

Belita anatembenukira pikapu ija, maso ake n'kulengeza misozi.

"Ndi ya malemu bambo a kunyumba. Anatisiya chaka chatha ku Kasungu. Ndinachita kuikoketsa pobwera kuno, sindinafune kuisiya kwa eni. Kugulitsaku n'kusowa chabe, mayi."

"Pepani. Nanga iwowo anaifukula pati?"

"Kufukula?" Belita anadabwa. "Ayi, imeneyi sinalowepo m'madzi. Inali yawo kuyambira kale, chogwirira giya icho anasema okha. Anatulukira nayo pakhomo pano m'mawa wa Napolo, akulira kuti madzi awatengera nyumba ndi mkazi yemwe. Mawa lake tinanyamuka wa ku Kasungu, akuti dziko lino sangalionenso. A Saulos anali munthu wachikondi, mayi. Chaka ndi chaka ankapempha tchalitchi chimupempherere malemu Sellina wawoyo."

Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kumwetulira.

"Koma inu, mayi, munati dzina lanu ndani?"