Zotsatira za Mayeso a Chijeremani

"Wakhoza, iwe! Chijeremani chija wakhoza!" anakuwa mkulu wake, foni ili m'manja.

Mng'ono wakeyo, yemwe anali namwino, sanatembenuke. Ankapinda malaya a malemu bambo awo.

Chaka chonse ankadziphunzitsa yekha kuchipinda, mahedifoni ali m'makutu, kuti akapeze ntchito yosamalira okalamba ku Jeremani. Bambo akamuitana ankangoti, "Ndikubwera ababa, ndimalize kaye kagawo aka."

Tsiku limene bambowo anagwa kubafa, aneba ndi amene anawamva akuitana dzina lake. Iye anali kuseri kwa khoma la bafa lomwelo, akuyeserera kufunsa nkhalamba m'Chijeremani ngati yadzuka bwino.

"Ndipo gawo lina sunaphonye funso olo limodzi," anapitiriza mkulu wakeyo.

"Gawo liti?"

Mkulu wake anayang'ananso pafoni, mawu n'kutsika.

"La kumvetsera."