Chitupa cha a Clifford

"Mayi, kuno si kuchipatala," anatero loya wa kampani yogulitsa zakudya pa intaneti, osamuyang'ana n'komwe Maureen Tattersall. "Ife tabwera kudzapempha chilolezo choti tizikasiyira anthu mowa m'makomo."

"Ine ndabwera kudzakana," Maureen anauza makhansala atatu amene ankamva nkhaniyo. "Amuna anga a Clifford chiwindi chinatha ndi mowa. Miyendo siwafikitsanso kusitolo, n'chifukwa chake akadali moyo. Ndiye botolo liziwalondola pakhomo?"

"Ngati akukukanikani kunyumba kwanu, mlandu si wathu," anatero loya uja.

Chilolezo chinaperekedwa, koma ndi lamulo limodzi: wobweretsa katundu aziyamba waona chitupa chotsimikiza kuti wolandira mowayo ndi wamkulu.

Tsiku lomwelo Maureen anatenga pasipoti ya mwamuna wake ndi laisensi yake yagalimoto n'kukazisiya kwa mchemwali wake ku Bradford.

Lachinayi masana belu la pakhomo linalira. Clifford anadzikoka ndi ndodo kukatsegula, Maureen ali pambuyo, manja m'chiuno.

"Afunseni chitupa," Maureen analamula bambo amene anabwera panjinga yamoto ndi jumbo ya katundu amene Clifford anaitanitsa. "Khonsolo inatero."

"Mfiti iwe, chitupa changa wandibisira kuti?" Clifford anakalipa akupapasa m'matumba.

Bamboyo anayang'ana imvi za Clifford, maso achikasu ndi manja onjenjemerawo, n'kumwetulira mwaulemu.

"Musavutike achikulire," anatero akuwapatsa mabotolo awiri a mowa wa vodika. "Zaka zanu zikuchita kuonekeratu."